Ndinamuuza kuti imani yake yatsika



Lero ndiyamba ndi kulakwa kwanga. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsikira kwathu kuno ku Chilobwe. Msuweni wanga, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, anapulumuka, koma nyumba imene ankachita lendi inapita, ndipo ena mwa oyandikana nawo tinawaika m'manda. Tonse tinali pa chisoni. Koma ife titayamba kudzuka, iye anatsalira pansi. Njinga inangokhala pakhonde. Nsima ankangoigwira n'kuisiya. Pa Fajr sankaonekanso, mpaka Jumu'ah yomwe anasiya.

Ndinapita kukamuona, ndipo ndinamuuza kuti, "Iwe, imani yako yatsika. Pirira, si iwe wekha unataya zinthu." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, kuswali ndikufuna. Koma ngakhale kudzuka kukachita wudhu kukundikanika." Ine ndinaona ngati ulesi basi. Sindinadziwe kuti ndikudzudzula munthu wodwala.

Chisoni aliyense amakhala nacho, ndipo chimapepuka pang'onopang'ono. Matenda amene achipatala amawatcha depression ndi osiyana. Munthu amakhala wokhumudwa, kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse, pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kuposera apo. Tulo timasowa kapena timachuluka, chilakolako cha chakudya chimasintha, thupi limafooka, mutu sugwira, amadziona ngati wopanda ntchito, ndipo ena amayamba kuganiza za imfa. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa. Gwero lake si limodzi: chibadwa cha kumtundu, kagwiridwe ntchito ka ubongo, maliro, ngongole, ulova, nkhanza, matenda ena a m'thupi, mowa ndi chamba. Amayi ena amawayamba atangobereka kumene.

Patapita miyezi, msuweni uja anadzuka mwadzidzidzi. Tinati Alhamdulillah, wachira. Koma kudzuka kwake kunali kwachilendo. Ankagona maola awiri okha osatopa. Ankalankhula mothamanga, osapatsa mnzake mpata. Anagulitsa njinga ija, n'kumati atsegula mashopu atatu ku Limbe mwezi usanathe, koma ndalamazo anamaliza kugawira anthu pamsika. Ukamuletsa, ankakalipa koopsa. Kunyumba ena anati ndi majini, ena anati wayamba chamba. Tinaitana a Shehe. Anamuwerengera ruqya, atamaliza anatiuza kuti, "Ana anga, dua tapanga ndipo tipitiriza. Koma mwanayu mawa mupite naye kuchipatala."

Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba dzina loti bipolar. Matendawa ali ndi mbali ziwiri. Nthawi ina munthu amatsika, ngati mmene ndafotokozera depression. Nthawi ina amakwera mopitirira muyeso kwa sabata kapena kuposa, ndipo kukwerako amakutcha mania. Pakati pake amatha kukhala bwinobwino miyezi ngakhale zaka. Kawirikawiri amayamba munthu ali wachinyamata, msinkhu wathu womwewu, ndipo WHO inati mu 2019 odwala anali pafupifupi 40 miliyoni. Si zoti m'mawa waseka, madzulo wakwiya ayi. Kusinthaku kumatenga masiku ndi masabata.

Kusiyanitsa matenda awiriwa n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Wa depression amathandizidwa ndi uphungu, ndipo ena amapatsidwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, amene amatenga masabata angapo kuti munthu ayambe kumva kusintha. Wa bipolar amafuna mankhwala okhazikitsa maganizo, monga lithium, carbamazepine kapena sodium valproate. Akamwa a depression okhaokha, akhoza kumukankhira ku mania. N'chifukwa chake osapempha mapiritsi kwa mnzako, ndipo ukakhala pamaso pa dokotala, unene zonse, kuphatikizapo masiku amene unkamva mphamvu zosaneneka. Alongo athu oyembekezera kapena ofuna kutenga pakati anene msanga, chifukwa sodium valproate akhoza kuvulaza mwana m'mimba.

Tsono funso limene linkandivuta ndi ili: kodi Msilamu weniweni angadwale chonchi? Ndinakumbukira kuti Mtumiki Muhammad (SAW) anataya mkazi wake Khadija (RA) ndi bambo ake aakulu Abu Talib m'chaka chimodzi, ndipo chakacho chimadziwika kuti Chaka cha Chisoni. Mneneri Ya'qub (AS) analira mwana wake Yusuf mpaka maso anachita khungu. Sindikunena kuti iwowa anali ndi depression. Ndikunena kuti kusweka mtima si umboni woti munthu alibe imani. Ndipo katswiri wina wa Chisilamu, Abu Zayd al-Balkhi, amene anamwalira mu 934, analemba kale kuti pali chisoni chodziwika chifukwa chake, ndi china chongogwera munthu popanda chifukwa, chimene gwero lake lili m'thupi ndipo chimafuna mankhwala. Wodwala shuga sitimuuza kuti asiye mankhwala n'kudalira dua yokha. Timachita zonse ziwiri.

Thandizo lilipo. Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko, akhoza kukutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital kumene kuli achipatala oona za matenda a maganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ramadhan ikamayandikira, wodwala akambirane ndi dokotala komanso a Shehe asanayambe kusala, makamaka amene akumwa lithium, chifukwa kuchepa kwa madzi m'thupi kumachititsa mankhwalawa kukhala oopsa. Wodwala ali ndi chilolezo m'chipembedzo chathu.

Ndipo mnzanu akanena kuti bola kungofa, musaseke, musayambenso kumuopseza ndi moto. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Musamusiye yekha, chotsani zingwe, tameki ndi mapiritsi, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Msuweni wanga akumwa mankhwala mpaka lero. Anawasiyapo kamodzi ataona ngati wachira, matenda n'kubwerera, ndiye pano tsiku lokatenga mankhwala timapita awiri. Njinga akuyendetsa ya munthu wina, akusunga ndalama zogulira yake. Ndinamupepesa chifukwa cha mawu aja, ndipo anangoti, "Simunkadziwa, achimwene."

Sabata ino, yang'anani pa safu amene sakuonekanso. Mukagogode pakhomo pake, mukhale pansi, mumvetsere kaye musanalalike.

Allah achiritse odwala athu onse. Ameen.