KUWAWA KWA MFUNDO ZA MAFUPA PA NTHENDA YA CYSTIC FIBROSIS

Cystic fibrosis ndi nthenda yobadwa nayo, imene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Dokotala wa ku America, Dorothy Andersen, ndiye anailongosola m'chaka cha 1938. Imapezeka kwambiri pakati pa Azungu. Makhololo a wodwala amanata ngati ulimbo, natseka njira za mpweya m'mapapo.

Odwala ena amavutikanso ndi kuwawa kwa mfundo za mafupa. Kuwawaku kuli mitundu iwiri:

1. Kobwera mwadzidzidzi. Maondo, akakolo kapena mfundo za manja zimatupa, nthawi zina thupi nkutentha. Pakapita masiku owerengeka kumaleka, koma kumadzabweranso.

2. Kotsagana ndi kukula kwa matenda m'mapapo. Nsonga za zala zimakula ngati tizibonga, ndipo mafupa aatali a m'miyendo amaphwanya. Mapapo akalandira chithandizo, ululu umachepa.

ZOYENERA KUCHITA

Mfundo zikatupa, wodwala apumule, azithowa ndi kansalu konyika m'madzi ofunda. Paracetamol amachepetsa ululu. Ibuprofen asamwe osafunsa dokotala, popeza akakumana ndi jekeseni wa tobramycin angathe kuononga impso. Ciprofloxacin, mankhwala opha tizilombo m'mapapo, nayenso nthawi zina amayambitsa kuwawaku. Choncho dokotala adziwitsidwe msanga.

Choopsa kwambiri nchakuti wodwala, pomva kuwawa, amangogona, naleka kutulutsa makhololo. Akatero makhololo amaunjikana, tizilombo timaswana, mapapo naonongeka. Tsono kutupa kukangophwa, ayambenso kuyenda pang'onopang'ono. Koma kutulutsa makhololo asadumphitse ngakhale tsiku limodzi.