Kuyeza Mkodzo wa Wodwala Khansa ya Myeloma

Myeloma ndi khansa yoyambira m'mafuta a m'kati mwa mafupa, momwe mumapangidwa magazi. Kawirikawiri imagwira anthu achikulire. Msana ndi nthiti zimawawa, magazi amachepa, ndipo fupa limatha kuthyoka munthu asanagwe n'komwe.

Maselo a khansayi amapanga puloteni yachilendo yambirimbiri. Tizidutswa tina ta puloteniyi n'tating'ono zedi, moti timadutsa m'sefa ya impso n'kutulukira mu mkodzo. Madokotala amaitchula kuti puloteni ya Bence Jones, dzina la dokotala wa ku London amene anaifotokoza m'zaka za m'ma 1840. Maselo oipawo akachuluka, nayo imachuluka. Mankhwala akayamba kuwapha, imatsika. N'chifukwa chake mkodzo umayezedwa wodwala asanayambe mankhwala, kenako n'kumabwereza kuti ayerekeze.

Mkodzo wa m'kabotolo kamodzi sukwanira, poti wina umakhala wosungunuka, wina wokhathamira. Pamafunika wa maola 24. Wodwala akadzuka, mkodzo woyamba amataya kuchimbudzi n'kuona nthawi. Kuyambira pamenepo, wonse wa masana ndi usiku amathira m'chigubu chimene wapatsidwa kuchipatala, mpaka wa m'mawa mwake pa ola lomwelo. Akaphonya kamodzi kokha, zotsatira zimanama: puloteni imaoneka yochepa pomwe matenda akadalipo.

Kwa munthu wa ku Fort Lister, pampata wa mapiri a Mulanje ndi Michesi, ulendo wokayezetsa ndi wautali. Amayambira kuchipatala cha m'boma la Phalombe, ndipo matenda otere amatumizidwa kuchipatala chachikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ngati mkodzo ukusonkhanitsidwa kunyumba, chigubu chimakhala chotseka, pamthunzi, makamaka m'beseni la madzi ozizira m'miyezi yotentha.

Ku labotale amayeza mamiligalamu a puloteni yotuluka pa tsiku. Ikatsika ndi 90 pa 100 alionse, kapena kufika pansi pa mamiligalamu 200, ndiye kuti mankhwala akugwira. Ikayambanso kukwera, dokotala amaganiza zosintha mankhwala. Kapepala koviika mu mkodzo, kodziwika bwino kusikelo ya amayi oyembekezera, nthawi zambiri sikaona puloteni imeneyi.

Mkodzo suweruza wokha. Dokotala amayezanso magazi, ndiponso amaona mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa puloteni yomweyi ikachuluka imatseka timitsempha ta mu impso.