Malo a Mayikulowevu M'khitchini Yatsopano Kuno ku Dwangwa

Ngati mukumanga nyumba ndipo makoma a khitchini sanapakidwe pulasitala, ino ndiyo nthawi yokhala pansi ndi mmisiri komanso wamagetsi n'kugwirizana pomwe mayikulowevu idzakhale. Ambiri amakumbukira nyumba itatha. Mapeto ake imakakhazikidwa pamwamba pa furiji, n'kulumikizidwa ku ekisitenshoni yomwe ikudyetsanso ketulo ndi ayironi. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa waya wotere amatentha mpaka kusungunuka.

Yambani ndi tepi yoyezera. Mayikulowevu ya malita 20 imakhala pafupifupi masentimita 45 m'lifupi, 26 msinkhu ndi 35 kulowa mkati. Koma musailekere malo ongokwana ndendende. M'mbali ndi kumbuyo kwake muli timabowo totulutsira mpweya wotentha, ndipo ndi kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, makina opanikizidwa m'kabati sachedwa kupsa. Siyani mpata wa masentimita 10 m'mbali ndi kumbuyo, ndi 20 kapena kuposapo pamwamba. Kabuku kobwera m'katoni kamanena mpata weniweni, choncho kaonetseni kalipentala asanadule thabwa.

Pa msinkhu ndi pomwe ndimalimbikira kwambiri. Shelefu ikhale pakati pa chiuno ndi chifuwa cha amene amaphika tsiku ndi tsiku, masentimita 90 mpaka 120 kuchokera pansi. Muyeso utengedwe pa mayi kapena mwana amene adzatenthetsa ndiwo, osati pa mmisiri wamtali. Mbale ya nyemba kapena msuzi wa chambo ikamatulutsidwa pamwamba pa maso, imapendekeka wonyamula osaona, ndipo wopsa ndi iyeyo, kumaso kapena pachifuwa. Kuitsitsa kwambirinso n'kulakwa: ana okwawa aifikira, komanso amene anaona madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 kuno akudziwa kuti katundu wamagetsi sakhala pansi.

Zitseko za mamayikulowevu ambiri zimatsegukira kumanzere. Ndiye kumanja kwake kukhale kamalo kotulirapo mbale yotentha msanga.

Wamagetsi muuzeni aike soketi yakeyake ya 13 amp, yokhala ndi waya wa ethi. Makina olembedwa 700W amakoka mphamvu yoposa 1,000W, n'chifukwa chake inivetala yaing'ono ya sola imalira kapena kuzima mukangoyatsa. Soketiyo ikhale pambali, pofikika ndi dzanja, osati kuseri kwa makina. Magetsi a ESCOM akathima, zimitsani pa soketi pomwepo, mudzayatse atabwera n'kukhazikika.

Mayikulowevu italikitseni ndi sitovu, sinki komanso khomo lotulukira kumene mumakolezera mbaula. Nthunzi, mafuta ndi utsi wa makala zimamata timabowo tija. Pali chinanso chathu chathu kuno: m'nyengo yodula nzimbe, minda ikamawotchedwa, phulusa lakuda limagwa paliponse, ngakhale pa zovala zoyanika. Pansi pa windo lokhala chitsegukire si malo abwino.

Shelefu yeniyeniyo ikhale yolimba, poti makinawa amalemera makilogalamu oposa 10. Ine ndimakonda silabu ya konkire yoyalidwa matailosi, yoikidwiratu pomanga khoma. Thabwa lenileni nalonso ndi labwino likalowetsedwa mankhwala a chiswe. Chipboard ndiyotsika mtengo, koma chinyezi cha dzinja chimaifufumitsa n'kuyamba kunyenyeka m'mphepete. Musaike chitseko kutsogolo kwa shelefu, ndipo pakhale poti mungathe kukoka makinawo n'kupukuta kumbuyo, chifukwa mphemvu zimakonda malo ofunda ndi amdima, ndipo zikalowa mkati zimawononga mawaya.

Khitchini ikachepa, musapanikize. Pezani khoma lopanda ntchito, mumangirirepo shelefu ya mabulaketi achitsulo ndi mabauti olowa m'njerwa, osati misomali ya mu pulasitala. Kukakanika, ikani mayikulowevu pa kabati yolimba m'chipinda chodyera, bola soketi yake ikokedwe kufika pamenepo.