Kupewa Mkwiyo wa Pamsewu Pakati pa Oyendetsa Galimoto ndi Opalasa Njinga

Mkwiyo wa pamsewu ndi kupsa mtima komwe kumabuka pakati pa anthu oyenda mumsewu umodzi. Umayamba ndi hutala yosalekeza, kulozana chala ndi kutukwanizana, ndipo ukakula umafika pofinyana dala, pothamangitsana ngakhale pomenyana. M'Malawi mkangano wotere umachitika kawirikawiri pakati pa madalaivala ndi opalasa njinga, chifukwa njinga yakapalasa ndi mwendo wa anthu ambiri. Imanyamula makala, nkhuni, matumba a chimanga, odwala ndi ana a sukulu, ndipo akabaza amadyera momwemo. Onsewa amagawana phula limodzi ndi maminibasi, mabasi ndi mathiraki.

Nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Lipoti la bungwe la World Health Organization la mu 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto.

Gwero la mkangano

Misewu ikuluikulu monga M1, womwe umadutsa ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu mpaka ku Karonga, m'malo ambiri ndi yopapatiza ndipo m'mphepete mwake munadyeka. Pa tsiku la msika ku Lunzu, Lizulu, Mponela kapena Jenda, malonda ndi anthu zimasefukira mumsewu. Wanjinga akafika pa dzenje kapena pamene phula linagumuka amakhotera mkati, ndipo dalaivala amaona ngati wamulowerera dala. Dalaivala akadutsa mokhudza, wanjinga amamva ngati wafuna kumupha.

Pansi pa mkwiyowo pamakhala mantha. Wanjinga amaopa kufa, dalaivala amaopa kupha munthu ndi kulowa m'milandu. Pamwamba pake pali changu cha ndalama: dalaivala wa minibasi akuthamangira kukwanitsa ndalama ya bwana ya tsikulo, wakabaza naye akufuna kutula kasitomala kuti akapeze wina. Komabe awiriwa sali ofanana mphamvu. Galimoto yaing'ono imalemera pafupifupi tani imodzi kapena kuposa, pamene munthu ndi njinga yake kawirikawiri safika makilogalamu 100. Zikagundana, galimoto imaphwanyika galasi, munthu amathyoka mafupa. Mutu ukakula sulewa nkhonya: woyendetsa chinthu cholemera ndiye ali ndi udindo waukulu, ngakhale wanjinga naye ali ndi mbali yake.

Gawo loyamba: kukonzekera ulendo usanayambe

Mkwiyo wambiri umanyamulidwa kuchokera kunyumba. Munthu amene wachedwa, amene sanagone mokwanira, wanjala kapena amene wangokangana ndi wina sachedwa kupsa mtima. Dalaivala ayenera kunyamuka nthawi ikadalipo, makamaka ngati njira yake ikudutsa pamsika kapena pasukulu. Mowa ndi chamba zimachedwetsa maso ndi miyendo komanso zimachotsa kudziletsa, choncho amene wamwa asagwire chiwongolero kapena mahandulo a njinga. Foni iikidwe pambali.

Dalaivala aone mabuleki, magetsi, maindiketa ndi magalasi oonera kumbuyo. Wanjinga naye aone mabuleki onse awiri, mpweya wa matayala, tcheni ndi belu. Katundu amangidwe zolimba pakaliyala ndipo asatambalale kwambiri. Matabwa, malata ndi nsungwi zimangidwe motsatira utali wa njinga, osati mopingasa, chifukwa katundu wopingasa amatenga malo a galimoto yathunthu ndipo madzulo saoneka.

Gawo lachiwiri: dalaivala akapeza njinga kutsogolo

Choyamba ndi kuchepetsa liwiro njingayo ikadali patali. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo ya makilomita 80 imadutsa mamita 22. Sekondi yomwe dalaivala akuganiza zoponda buleki, mtunda wonsewo wapita kale. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi.

Chachiwiri ndi kuona ngati kutsogolo kuli malo. Ngati kukubwera galimoto ina, kapena pali khona, chitunda kapena mlatho wopapatiza, dalaivala adikire kumbuyo kwa njinga. Kudikirako n'kochepa kuposa momwe mtima umanenera. Kutsatira njinga yoyenda makilomita 15 pa ola kwa mamita 100 kumatenga masekondi 24, pamene pa liwiro la makilomita 60 mtunda womwewo umatenga masekondi 6. Zotayika ndi masekondi 18 okha.

Chachitatu ndi kupitirira motalikira. Malamulo a pamsewu a ku Britain, omwe anakonzedwanso mu 2022, amalangiza kusiya mpata wa mita imodzi ndi theka kapena kuposa, ndi kuwonjezera mpatawo liwiro likakwera. Muyeso umenewu ndi wothandiza pamsewu uliwonse. Mabasi ndi mathiraki asiye mpata waukulu zedi, chifukwa mphepo yake imakankha njinga kenako n'kuikokera kumatayala akumbuyo. Dalaivala asabwerere kumanzere mpaka njinga yonse itaoneka m'galasi.

Chachinayi ndi kagwiritsidwe ntchito ka hutala. Kuliza kamodzi mwachidule ali patali ndi chenjezo. Kuliza mwamphamvu atafika kale pamsana pa munthu kumamudzidzimutsa, ndipo wodzidzimuka amagwedeza mahandulo n'kulowa mkati mwa msewu.

Malo ena atatu amafuna maso apadera. Pokhotera kumanzere, dalaivala asapitirire njinga kenako n'kuidula kutsogolo. Aisiye idutse kaye. Poimika minibasi kuti anyamule munthu, ayatse indiketa ndi kuona m'galasi asanalowere m'mphepete. Potsegula chitseko m'tauni, ayambe watembenuka kuona ngati kumbuyo kukubwera njinga. Usiku magetsi akuluakulu achepetsedwe pokumana ndi wanjinga, popeza wothobwa m'maso saona dzenje.

Gawo lachitatu: wanjinga pakati pa magalimoto

Njinga imayenda kumanzere, mbali yomwe magalimoto olowera komweko akuyenda. Ambiri amapalasa moyang'anizana ndi magalimoto poganiza kuti ndi bwino kuona chomwe chikubwera. Langizo limenelo ndi la oyenda pansi. Njinga ya makilomita 15 pa ola ikayang'anizana ndi galimoto ya makilomita 60, ziwirizi zimayandikirana pa liwiro la makilomita 75. Zikalowera kumodzi, kusiyana kwake ndi makilomita 45 okha. Komanso dalaivala wotuluka pamphambano sayembekezera njinga kuchokera mbali yolakwika.

Wanjinga ayende mzere woongoka kuti wa kumbuyo athe kudziwa chomwe achite. Asanapewe dzenje kapena galimoto yoima, acheuke. Asanakhote, acheuke, atambasule dzanja la mbali yomwe akulowera, kenako acheukenso. Kutambasula dzanja sikutanthauza kuti njira yapatsidwa kale. Ndi pempho lomwe liyenera kuonedwa kaye. Pamsewu wopapatiza, oyenda pagulu atsogozane m'malo moyenda mogundana mapewa akucheza.

Kumanzere kwa thiraki kapena basi ndi malo oopsa kwambiri. Dalaivala wa galimoto zimenezi amakhala kumanja ndiponso pamwamba, choncho njinga yomwe yalowa pakati pa galimotoyo ndi m'mphepete mwa msewu saiona. Thiraki ikamakhota, matayala akumbuyo amadula njira kuposa akutsogolo. Wanjinga amene sakuona nkhope ya dalaivala m'galasi la thirakiyo adziwe kuti nayenso sakuoneka, ndipo adikire kumbuyo.

Mbandakucha, madzulo ndi usiku, njinga ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, ndipo wopalasa avale chovala chowala kapena chonyezimira. Zomvera nyimbo m'makutu zichotsedwe, chifukwa khutu ndilo limayamba kumva galimoto ya kumbuyo. Pamaloboti ndi pamalo owolokera anthu, njinga imaima monga galimoto ina iliyonse.

Gawo lachinayi: mtima ukayamba kutentha

Munthu akapulumuka ngozi mwa apo ndi apo, thupi limatulutsa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, manja amanjenjemera, mpweya umafupika, ndipo maganizo amangoona mdani. Zimenezi zimatha zokha pakapita mphindi zingapo ngati sizikusonkhezeredwa. Zoyenera kuchita ndi izi, motsatana.

Choyamba, manja akhale pachiwongolero kapena pamahandulo ndipo pakamwa patsekedwe. Chachiwiri, munthu apume mozama kangapo, akutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Chachitatu, achepetse liwiro kuti winayo atalikire. Chachinayi, ngati thupi likunjenjemerabe, apatuke pamalo abwino, aime, amwe madzi, ndipo apitirize ulendo mtima utakhala pansi.

Pomwepo ndi bwino kudzifunsa ngati winayo anachitadi dala. Nthawi zambiri wanjinga amakhala akuthawa dzenje, galu kapena mwana, ndipo dalaivala amakhala kuti sanamuone. Galimoto isasandutsidwe chida cholangira munthu. Kufinyira njinga kutchire, kuponda buleki mwadzidzidzi patsogolo pake kapena kuithira matope dala n'kuika moyo wa munthu pachiswe, ndipo ndi mlandu. Wanjinga naye asamenye bodi ya galimoto, asathyole galasi, asaponye mwala.

Amene walakwa avomere msanga. Kukweza dzanja mopepesa kumazimitsa moto usanayake. Ngati awiriwo aima moyandikana, mawu oyamba ndiwo amaweruza zonse. Akuti “Msewu ndi wa bambo ako?” amaitana ndewu, pamene akuti “Pepani achimwene, sindinakuoneni, mwavulala?” amatsitsa mtima wa munthu ngakhale anali atakunga kale chibakera.

Gawo lachisanu: winayo akabwera ndi ukali

Munthu wolusa sayankhidwa molusa. Dalaivala akhale m'galimoto, atseke zitseko, akweze magalasi, ndipo asayang'anizane naye m'maso mwamwano. Wanjinga atsike mumsewu, aime pamene pali anthu, njinga yake ikhale pakati pa iye ndi wolusayo. Ngati wina akutsatiridwa, asalowere kunyumba kwake kapena kumalo kopanda anthu. Apite kupolisi, pa rodibuloko kapena pamalo omwetsera mafuta. Nambala ya galimoto, mtundu wake, malo ndi nthawi zisungidwe pamtima kapena zilembedwe pamene kuli kotheka kutero popanda kuputa wina. Okwera m'minibasi, kondakitala ndi kasitomala wa kabaza ali ndi mphamvu yoziziritsa kapena kusonkhezera. Mawu akuti “Asiyeni bambo, tiyeni tizipita” apulumutsa ambiri.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ngozi ikachitika

Dalaivala aime, ayatse magetsi ochenjeza ndi kuika zizindikiro za ngodya zitatu kutsogolo ndi kumbuyo kuti pasachitike ngozi ina. Wovulala ndiye woyamba. Za amene walakwa zibwere pambuyo. Pamene pakutuluka magazi patsindikizidwe ndi nsalu yoyera. Munthu amene akumva ululu pakhosi kapena pamsana asanyamulidwe mwachisawawa. Ngati n'kofunika kumusuntha, anthu angapo amunyamule mutu, khosi ndi msana zili zoongoka. Asapatsidwe madzi kapena chakudya. Amene wamenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale akuti ali bwino, chifukwa magazi otayikira mkati mwa mutu amatha kudziwika patapita maola.

Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, limafuna kuti dalaivala aime ndi kuti ngozi yovulaza munthu ikanenedwe kupolisi. Ngati khamu layamba kuopseza moyo wake, dalaivala apite molunjika kupolisi yapafupi akadzipereke, osati kuthawa n'kukabisala. Mayina a mboni alembedwe, ndipo malo a ngozi, galimoto ndi njinga zijambulidwe zisanasunthidwe ngati n'kotheka. Galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo lipoti la apolisi ndi la chipatala ndi zomwe wovulala amafunika pofuna chipukutamisozi. Kugwirizana mwamseri pamsewu n'kulandira ndalama pang'ono kumasiya wovulala opanda umboni ululu ukadzakula.

Anthu a pamalopo asaweruze okha. Kumenya dalaivala kapena kuotcha galimoto ndi mlandu, kumachedwetsa wovulala kufika kuchipatala, komanso kumaphunzitsa madalaivala ena kuthawa akagunda munthu.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kudandaula ndi kukonza

Dandaulo lili ndi njira zake. Dalaivala woyendetsa moopseza anenezedwe kwa apolisi apamsewu, ndipo ngati galimotoyo ndi ya kampani kapena ndi minibasi, mwini wake adziwitsidwenso. Wakabaza wosamvera anenezedwe kwa wapampando wa siteji yake, popeza masiteji ambiri ali ndi atsogoleri ndi malamulo awo. Za ziphaso ndi chitetezo cha pamsewu zimayang'aniridwa ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, pamene za maenje, m'mphepete mogumuka ndi zikwangwani zimapita ku Roads Authority kapena ku khonsolo ya deralo. Mafumu, makomiti a misika, sukulu ndi mipingo angathandize pobweza malonda kuti achoke mumsewu ndi pophunzitsa ana kupalasa kumanzere akadali aang'ono.

Msewu wopapatiza sukula ndi hutala kapena chipongwe. Dalaivala akachepetsa liwiro ndi kusiya mpata, wanjinga akaoneka ndi kuyenda moongoka, ndipo aliyense akagwira mtima pa mphindi yoyamba ya mkwiyo, onse awiri amakafika kwawo amoyo.