Anganga ndi arubaini ya kwa aneba



Agogo aamuna atamwalira tidakawatenga anganga ku Mangochi kuti azikhala nafe ku Chilinde. Kufika kuno adangoti zii. Kudya pang'ono, tulo osabwera, tsiku lonse pakhonde. Atayamba kusokoneza maina athu, manong'onong'o adayambika kumpopi. Mukudziwa zomwe imanenedwa nkhalamba yoyankhula yokha, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Chikhalirecho kuiwala kwa ukalamba Allah adakunena kale mu Surah An-Nahl, ayah 70.

Kwa aneba kutachitika sadaka ya arubaini, amayi adati apite nawo. Ine ndi kamaphunziro kanga ka kumadrasa ndidakana: "Amayi, zimenezo ndi bid'a." Adangondiyang'ana, nkuwagwira dzanja anganga.

Madzulo nditakawatenga ndidawapeza pakati pa azimayi anzawo, akulangiza kaphikidwe ka mpunga mumphika waukulu, Chiyao chili mbwee. Zikiri ya utsikana wawo sadaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Usiku umenewo adagona mpaka Fajr.

Za hukmu ya arubaini ndasiyira masheikh athu, poti a Qadiriya ndi a Sukuti akhala akutsutsana kuyambira ndisanabadwe. Changa ndi ichi: ndimafuna kuwalanda malo okhawo omwe ankafunsidwako nzeru, ndilibe choikapo.

Sadachire, ayi. Kuchipatala cha Bwaila timapitabe. Koma pano tikaswali Maghrib ndimasiya foni mchipinda, ndikuyala mkeka, iwo nkuyamba nthano. Dzulo adanditchula dzina la malume anga. Ndidangoyankha.