Phunziro: Tiwapititse kukapimidwa abambo athu amene anagwira ntchito m'migodi

Amayi anzathu, phunziro la ulendo uno likukhudza makomo ambiri kuno kunyanja. Kuyambira ku Benga, ku Chia, pa Linga mpaka ku Dwangwa ndi ku Dwambazi, tili ndi amuna athu, atate athu ndi apongozi athu amene anapita ku Joni ali anyamata. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, ena anamanga nyumba za malata. Ambiri anabweranso ndi fumbi m'chifuwa, osadziwa. Lero akalamba, akutsokomola, ndipo amene tikuwaphikira phala ndi kuwathira madzi osamba ndife. Cholinga cha phunziroli ndi chakuti tidziwe chifukwa chake munthu aliyense amene anagwirapo ntchito mu mgodi ayenera kupimidwa kuchipatala, ngakhale anasiya ntchitoyo zaka 40 zapitazo.

1. Mmene abambowa anapitira

Bungwe la Wenela ndilo linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku South Africa, ndipo mpaka lero dzina lake likadali pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodiyo. M'mwezi wa Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambanso mu 1977, bungwelo litasintha dzina kukhala TEBA, ife timati Theba, ndipo inathera mu 1988 pa mkangano wa zoyeza Edzi. Panalinso ena opita pa selefu, ena ku migodi ya malasha ndi ya asbestos ku Zimbabwe. Onsewa phunziroli likuwakhudza.

2. Zimene zinalowa m'thupi mwawo

Choyamba ndi fumbi. Mwala wa golide ukamabooledwa ndi kuphulitsidwa umatulutsa fumbi losalala kuposa ufa woyera. Fumbili likalowa m'mapapo silitulukanso. Limachititsa zipsera, mapapo n'kuuma pang'onopang'ono. Matendawa achipatala amawatcha silikosisi. Amatha kukhala phee zaka 10, 20 kapena kuposa, kenaka munthu amayamba befu. Bambo amene ankakoka khoka usiku wonse amayamba kupumira kawiri pochoka kudooko kupita kunyumba, thumba la mpunga osalinyamulanso.

Silikosisi sachizika, komanso sapatsirana. Choopsa chake china n'chakuti amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Ichi ndi chifukwa chake ena mwa abambo athu adwala TB kawiri kapena katatu. TB imachizika, koma imapatsirana, ndipo oyamba kuitenga ndi ife ogona nawo m'nyumba imodzi ndi zidzukulu zathu.

Chachiwiri ndi mphamvu yosaoneka imene achipatala amaitcha radiation. Miyala ya golide ya ku Johannesburg ili ndi yureniyamu, ndipo miyala yotere imatulutsa mpweya wotchedwa radon, wopanda fungo kapena mtundu. Munthu akaupuma kwa zaka zambiri akhoza kudwala khansa ya m'mapapo, makamaka ngati amasutanso fodya. Nkhaniyi ikukhudzanso dziko lathu lino. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unayamba kutulutsa miyala mu 2009 pansi pa kampani ya Paladin, unaima mu 2014, ndipo kampani ya Lotus Resources inautsegulanso mu 2025. Ngati mwana wathu anagwirako ntchito, apemphe ndi kusunga mbiri ya muyeso wa radiation imene analandira. Ogwira ntchito m'malo otere amavala kachipangizo koyezera, ndipo zolembedwazo ndizo zidzathandize dokotala m'tsogolo, pakuti kuyeza magazi wamba sikuonetsa muyeso wa zaka zapita. Tidziwenso kuti munthu wotere sangapatsire mkazi wake kapena ana ake radiation. Tisamusale.

Chachitatu ndi phokoso la makina, limene linagonthetsa makutu abambo ambiri. Timati agogo akuchita dala, pamene sakumva ndithu.

3. Kupimako kumachitika bwanji?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti anthu amene anagwira ntchito m'fumbi la miyala azipimidwa TB ngakhale asakumva kudwala. Kupimako kuli ndi mbali izi:

(a) Kufotokoza mbiri ya ntchito. Adokotala sangalote kuti gogo wa zaka 75 wochokera ku Sani anakhala zaka 6 pansi pa nthaka. Tiwauze ndife: dzina la mgodi, zaka zimene anagwira, ndi ntchito yake, kaya kuboola miyala kapena kulonga m'ngolo. Tipemphe kuti zimenezi zilembedwe m'buku lake lakuchipatala.

(b) Kuyeza makhololo, kuti aone ngati muli TB. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere, ndipo mankhwala amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa.

(c) Kujambula pachifuwa. Chithunzi ndicho chimaonetsa zipsera za fumbi.

(d) Kuuzira mpweya m'kachipangizo koyezera mphamvu ya mapapo. Kachipangizoka sikapezeka paliponse, choncho tifunse kumene angatitumize.

Poyambira ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwathu, pachipatala chaching'ono, pachipatala cha boma cha Nkhotakota kapena ku St Anne's. Kupima kamodzi sikukwanira. Lamulo la ku South Africa la 1973 lokhudza matenda a m'migodi limati amene anagwirako ntchito apimidwe zaka 2 zilizonse, chifukwa chifuwa chimene chaoneka bwino chaka chino chikhoza kusintha. Koma tikaona kutsokomola kosatha, magazi m'makhololo, thukuta la usiku, kuwonda kapena befu, tisadikire zaka ziwirizo.

Wina angafunse kuti, ngati matendawa sachizika, kupimako n'kwa chiyani? Phindu lilipo. TB imagwidwa msanga banja lisanatenge. Amene wapezeka ndi silikosisi koma alibe TB akhoza kupatsidwa mankhwala omuteteza. Munthu amadziwa zoti apewe: fodya, utsi wa kukhitchini ndi wa powamba nsomba, fumbi la ku chigayo. Ndiponso banja limaleka kutaya mbuzi ndi mpunga kwa asing'anga, kulozana ufiti pachibale, kapena kunong'onezana kuti bambo uja ali ndi kachilombo pamene palibe amene anamuyeza.

4. Za chipukuta misozi

Anthu amene anagwira ntchito m'migodi ya golide anasumira makampani ku khoti, ndipo mu 2018 makampani 6 anavomera kulipira ndalama pafupifupi marandi 5 biliyoni. Makampaniwo ndi African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater. Khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza panganolo mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira. Panganoli likukhudza amene anagwira ntchito ya m'fumbi m'migodi ina ya makampaniwa pakati pa 12 Marichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, kuphatikizapo ochokera ku maiko ena monga kwathu kuno. Pa nthawi ya panganolo, wodwala silikosisi anayikiridwa R70,000, R150,000 kapena R250,000 malinga ndi mmene mapapo aonongekera. Akazi amasiye ndi ana akhozanso kupempha ngati pali umboni wa matenda amene anapha bambo.

Apa timvetsetse bwino. Ndalamazi sizilipidwa chifukwa choti munthu anapita ku Joni, ndipo n'zosiyana ndi za penshoni. Zimalipidwa pakapezeka umboni wa matenda ndi umboni wa ntchito. N'chifukwa chake mapepala ndi ofunika: khadi la Wenela kapena la Theba lokhala ndi nambala ya ntchito, pasipoti yakale, mapepala a malipiro, buku lakuchipatala, khadi la TB, chithunzi cha pachifuwa, ndi chikalata cha imfa ngati bambo anatisiya. Tizikulunge m'pulasitiki ndi kuziika pamwamba, kutali ndi chiswe ndi chinyezi. Madzi osefukira a ku Dwangwa a 2024 anatiphunzitsa kuti katundu wa m'nyumba amapita usiku umodzi.

Tichenjerenso ndi anthu oyenda m'midzi ndi makope, olemba maina ndi kutolera ndalama kuti atithandize kulandira za ku Joni. Kupereka pempho ku Tshiamiso Trust n'kwaulere. Safunsa anadya phula: tikafunse ku ofesi ya zantchito pa boma tisanapereke khobidi kapena pepala lililonse, ndipo tikapereka mapepala, tipereke ojambulitsa, enieniwo atsale kunyumba. Ofesi yomweyo ndiyo imaona za amene anadwala kapena kuvulala pa ntchito kuno ku Malawi, motsata lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la chaka cha 2000. Pangano la Tshiamiso lili ndi zaka zowerengeka, ndipo abambo athu sakubwerera ku unyamata. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

5. Mafunso okambirana m'magulu

(a) M'mudzi mwathu muli abambo angati amene anagwira ntchito m'migodi? Angati anajambulidwapo pachifuwa?

(b) Bambo akamakana kuti "ine ndili bwinobwino, ndi ukalamba chabe", tingawalankhule bwanji mwaulemu kuti avomere? Ndani amene amamumvera: mlongo wawo, mwana wamkulu, kapena mnzawo wa ku Joni?

(c) Kodi akazi amasiye a pakati pathu akadali ndi mapepala a amuna awo, kapena anatengedwa ndi achibale pogawa katundu?

6. Zoti tichite mwezi uno

Gulu lililonse lisankhe amayi awiri odziwa kulemba. Poyendera odwala, alembe maina a abambowa atawapempha chilolezo, pamodzi ndi mgodi ndi zaka zake. Mndandandawo tiupereke kwa mlangizi wa zaumoyo ndi kupangana naye tsiku. Amene sangathe kuyenda tiwasonkhere ya kabaza, ndipo pa tsikulo mayi mmodzi alowe nawo kwa adokotala kuti mbiri ya ku mgodi isaiwalike. Pa msonkhano wa mwezi wamawa, gulu lililonse lidzanene kuti ndi angati amene apimidwa.