Kuzokota Zilembo pa Akiliriki ndi Makina Aang'ono a CNC

Ku Chidzolomondo, ku Furancungo ngakhale ku Tsangano, zikwangwani za penti sizichedwa kusuluka ndi dzuwa ndi mvula. Zilembo zozokota pa akiliriki zimakhalitsa, ndipo makina aang'ono a CNC 3018, amene amagwira malo a mamilimita 300 m'litali ndi 180 m'lifupi, amakwanitsa ntchitoyi: mayina a pazitseko za maofesi, manambala a makalasi, tizikwangwani ta m'magolosale. Chimene chimawononga ntchito ya ambiri ndi kutentha.

Yambani n'kusankha akiliriki. Alipo wamitundu iwiri. Wa cast ndiye woyenera, chifukwa zilembo zake zimatuluka zoyera mbee. Wa extruded ndi wotchipa koma sachedwa kusungunuka n'kumata pa biti, kachitsulo kozokotera. Mukapita ku Tete kapena ku Lilongwe, funsani mtundu wake musanalipire, ndipo pemphani opanga zikwangwani akugulitseni zidutswa zotsala kuti muziphunzirirapo.

Lembani mawu anu mu pulogalamu ya Inkscape n'kuwasandutsa mizere imene makina angatsate. Apa muonetsetse bwino: kuno timalemba Chipwitikizi ndi Chichewa chomwe, koma mitundu ina ya zilembo ilibe ã, ç kapena ŵ. Chikwangwani cha Associação chopanda kamchira pa c mwiniwake sachilandira. Ngati akiliriki ndi woonekera mkati ndipo mukufuna kuzokota kumbuyo kuti kutsogolo kukhale kosalala, tembenuzani mawuwo awerengeke chobwerera.

Pomangirira, musadalire zopanira za m'mbali zokha, chifukwa pakati pamatukuka. Matani tepi ya pepala pathabwa la pansi ndi kunsi kwa akiliriki, donthezani supa guluu pakati pa matepi awiriwo, n'kudinikiza. Thabwalo likhale losendedwa ndi makina omwewo kuti lifanane ponse. Likapendekeka pang'ono chabe, zilembo zimazama mbali imodzi, mbali inayo n'kungokandika.

Tsopano biti. Pa zilembo zazing'ono ikani V-bit ya madigiri 60, ndipo pa zazikulu kapena podula m'mphepete ikani ya mpeni umodzi, imene imataya zinyenyeswa msanga. Ikhale yakuthwa, yosagwirapo chitsulo.

Apa ndi pamene ndimafuna wophunzira aliyense amvetse. Munthu akaopa kuthyola biti, amachepetsa liwiro loyendera, kuganiza kuti akusamala. Komatu biti ikamazungulira kwambiri uku ikuyenda pang'onopang'ono, simadulanso, imangokhula malo amodzi. Akiliriki amayamba kufewa kutentha kukangopitirira pang'ono madigiri 100, ndiye amamata pa biti, n'kupanga chibuluma chimene chimakanda chikwangwani chonse. Mota ya 3018 imafika pafupifupi maulendo 10,000 pa mphindi. Yambani ndi liwiro la mamilimita 400 pa mphindi, kuzama mamilimita 0.2 kapena 0.3 pa ulendo umodzi, ndipo yesani pa chidutswa kaye. Yang'anani zimene zikutuluka. Zikakhala zinyenyeswa zouma ngati gaga, zili bwino. Zikakhala ulusi wonanda ndi fungo la pulasitiki wopsa, onjezani liwiro loyendera kapena chepetsani kuzungulira kwa mota. Makina akamanjenjemera, chepetsani kuzama, osati liwiro. Zilembo zakuya zimafuna maulendo angapo osazama. Pemererani zinyenyeswa ndi pampu ya njinga kapena zichotseni ndi kabulashi, mutavala magalasi oteteza maso.

Za magetsi musazitenge mopepuka. Akazima pakati pa ntchito, makina amaiwala pamene anayambira, ndipo kubwerera pamzere womwewo n'kovuta. Makinawa sadya moto wambiri, choncho batire ya sola yodzaza bwino ndi inveta zimawayendetsa. Ikani kachizindikiro pangodya imene mwayambira, mulembenso manambala ake a mu Candle, pulogalamu yoyendetsera makinawa.

Mukafuna zilembo zamtundu, phimbani pamwamba ndi tepi ya pepala musanazokote, thirani penti m'mizeremo, ndipo ikauma sendani tepiyo. Potsuka, madzi a sopo ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Sipiriti, thina ndi petulo zimang'ambitsa akiliriki timing'alu ting'onoting'ono, makamaka m'mphepete mwa zilembo, ndipo timing'aluto sitikonzeka.